Dzina limene Peirce analithawa

Masiku ano wandale akanena china dzulo, china lero, omuikira kumbuyo amati ameneyo ndi munthu wa pragmatism, kutanthauza kuti amangotsata zomupindulira. Zimandiwawa kumva choncho, chifukwa mwini ganizoli, katswiri wa filosofi wa ku America Charles Sanders Peirce, anamwalira ali mmphawi pa 19 Epulo 1914 ku Milford, Pennsylvania, atadandaula kale kuti anthu alipotoza.

Chiyambi cha ganizoli amachiika mu 1872 ku Cambridge, Massachusetts, kumene Peirce, William James, Chauncey Wright ndi Oliver Wendell Holmes Jr. ankakumana m'kagulu kotchedwa Metaphysical Club. Kaguluka sikanasiye kaundula wa zokambirana. Zambiri timazimva kwa Peirce yemweyo, amene anazilemba patapita zaka zoposa 30, ndipo munthu akamakumbukira unyamata wake salephera kukometsera. Komabe kalata ya Henry James, mng'ono wake wa William, ya mu Januwale 1872 imakatchula kaguluka, ndiye kanalipodi.

Mu 1878 Peirce analemba m'magazini ya Popular Science Monthly kuti tanthauzo la ganizo lili mu zimene ganizolo lingabale pochitika. Kunena kuti dayamondi ndi yolimba n'kunena kuti zinthu zambiri sizingaikande, basi. Liwu loti pragmatism m'nkhaniyo munalibe.

Kwa ine zinthu zinapotoka mu 1884. Peirce ankaphunzitsa pa yunivesite ya Johns Hopkins, pomwe John Dewey, amene pambuyo pake anatchuka ndi pragmatism, anali wophunzira. Katswiri wa zakuthambo Simon Newcomb anauza akuluakulu a sukuluyo kuti Peirce ankakhala ndi mkazi wina dzina lake Juliette ukwati wake woyamba usanathe mwalamulo. Peirce anali atamukwatira kale Juliette mu 1883, koma ntchito inatha ndithu, ndipo sanapezenso ina yokhazikika pa yunivesite iliyonse. Mu 1891 ntchito yake yaboma yoyeza dziko inathanso. Munthu wopanda kalasi alibe ophunzira omufalitsira mawu.

Choncho liwuli linamveka koyamba pagulu kuchokera pakamwa pa William James, ku Berkeley, California, mu Ogasiti 1898. James sanabe, anatchula Peirce momveka. Kungoti analikokera ganizolo ku moyo wa munthu payekha, mpaka ku chikhulupiriro cha chipembedzo, pamene Peirce ankati choonadi ndi chimene ofufuza onse angadzagwirizanepo akafufuza mpaka pomaliza. Owerenga ambiri anamva ngati James akuti chilichonse chothandiza n'choona. Mu 1905 Peirce anasiya dzinalo n'kutcha lake pragmaticism, nati ili ndi lonyansa mokwanira moti akuba ana salikhumbira.

Ena amati Peirce anadzikumbira yekha dzenje ndi ukali komanso kusasamala ndalama, ndipo umboni wake ulipo. Koma James, amene ankamudziwa bwino kuposa iwowo, kuyambira 1907 ankasonkhetsa ndalama kwa anzawo kuti Peirce ndi Juliette asagone ndi njala. Juliette atafedwa anagulitsa mipukutu ya mwamuna wake ku yunivesite ya Harvard, ndipo buku loyamba la zolembazo linatuluka mu 1931.