Mlatho wa pakati pa Dunkeld ndi Birnam

Kumpoto kwa mzinda wa Perth ku Scotland, pomwe zigwa zimathera ndipo mapiri a Highlands amayambira, mtsinje wa Tay, womwe ndi wautali kuposa mitsinje yonse m'dzikolo, umadutsa pakati pa midzi iwiri yoyang'anizana: Dunkeld kutsidya la kumpoto ndi Birnam kutsidya la kummwera.

Dunkeld ndiye wakale pa iwiriyi. Cha m'ma 850, mfumu Kenneth MacAlpin inabweretsa kuno zina mwa zotsalira za Columba Woyera kuchokera ku chilumba cha Iona, ndipo mudziwu unasanduka likulu la mpingo. Tchalitchi chachikulu chikadali m'mphepete mwa madzi, mbali ina ili yopanda denga pamene mbali inayo anthu amapempheramobe. Mu Ogasiti 1689, pa nkhondo ya pakati pa a Jacobite (otsatira mfumu James imene inachotsedwa pampando) ndi asilikali a boma, moto unapsereza pafupifupi mudzi wonse, kotero kuti tinyumba toyera ta mu Cathedral Street tinamangidwa pambuyo pa tsokalo. Birnam wa lero anakula ndi njanji, imene inafika mu 1856.

Kale anthu ankawoloka Tay pa mabwato, zomwe zinali zoopsa mtsinjewo ukadzaza. Mu 1809 katswiri wa zomangamanga Thomas Telford anamaliza mlatho wamiyala, ndipo popeza ndalama zambiri anapereka ndi Duke wa Atholl, mwini malo wamkulu wa m'deralo, Duke-yo analoledwa kulipiritsa aliyense wowoloka kuti abweze chuma chake. Mkangano unakula njanji itabwera, chifukwa siteshoni inali kutsidya la Birnam, ndiye kuti munthu wa ku Dunkeld, ngakhale woyenda pansi, ankayamba walipira pa geti asanaione n'komwe sitima. Patapita zaka zoposa 50 chimangidwire mlathowo, anthu anayamba kufunsa ngati ngongoleyo inali isanathebe, ndipo funsolo linali lomveka ndithu, pakuti sankaonetsedwa bwino momwe ndalamazo zinkayendera.

Mu 1868 mtima unawapwetekeratu. Motsogozedwa ndi Alexander Robertson, wodziwika ndi dzina lakuti Dundonnachie, anazula mageti nawaponya m'madzi, mpaka akuluakulu anatumiza asilikali kudzakhazikitsa bata. Komabe anthu anapitiriza kulipira kwa zaka zina 11, kufikira mu 1879 pamene mlathowo unaperekedwa m'manja mwa akuluakulu oyang'anira misewu m'chigawocho, msonkhowo n'kuthetsedwa.