Musanalipire koleji, funsani za HEXCO

Zotsatira za ZIMSEC, bungwe la mayeso a sukulu kuno ku Zimbabwe, zikangotuluka, makolo a ku Mufakose ndi ku Highfield mumzinda wa Harare amabwera ku ofesi yanga ndi nyimbo imodzi: "Aphunzitsi, mwana wathuyu ndi wa ku UZ basi." UZ yo ndi University of Zimbabwe. Nyimboyi ndatopa nayo. Ndikafunsa za masamu a O Level, kholo ndi mwana onse amagwetsa nkhope.

Pamasamu pomwepo ndi pamene pagona nkhani. Mwana amene wakhoza maphunziro 5 a O Level, kuphatikizapo Chingerezi, masamu ndi sayansi, ali ndi makomo ambiri: Harare Polytechnic, uphunzitsi ku koleji ya Belvedere, unamwino, kapena zaka 4 za apprenticeship (kuphunzira ntchito zamanja uli pantchito) n'kutuluka ndi satifiketi ya umisiri ya Class 1. Amene wayamba ndi National Certificate amakwera ku National Diploma, kenako Higher National Diploma (HND), ndipo yunivesite siithawa. Koma inu mumamukankhira ku A Level masamu ali ndi D, yomwe si kukhoza. Abwereze masamuwo chaka chomwechi, osati akadzakwatira.

Sindikunyoza digiri ayi. Udokotala ndi zamalamulo zilibe njira yachidule. Chimene ndikukana n'kusankha digiri iliyonse kuti anthu akutchalitchi amve kuti mwana ali ku Mount Pleasant, komwe kuli UZ.

Mtsikana wina amandisowetsabe tulo. Agogo ake, amene anabwera kuno kuchokera ku Dedza kalekale, ankagulitsa tomato ku Mbare kuti amulipirire kakoleji kena ka pamwamba pa sitolo m'tauni. Zaka 2 zathunthu. Anavala gauni, zithunzi anajambulitsa, phwando linachitika. Atapita kukafuna ntchito anamufunsa kuti mayeso ake analembetsa ndi ndani. Pepalalo linali losindikiza eni koleji okha. Anabwera nalo kwa ine m'pulasitiki, losapindika ngakhale pang'ono, ndipo ndinasowa poyambira.

Choncho musanatulutse dola ngakhale imodzi, funsani ngati kolejiyo inalembetsedwa ku unduna wa maphunziro apamwamba, ndiponso ngati mayeso ake ndi a HEXCO, bungwe la boma loona za mayeso a m'makoleji a ntchito zaluso, kapena a bungwe lina lodziwika. Za madigiri amayang'anira ndi a ZIMCHE, bungwe loona za mayunivesite. Munthu amene akukuuzani pa WhatsApp kuti ali ndi malo a unamwino mukangomutumizira kenakake pa EcoCash, njira yotumizira ndalama pafoni, ameneyo ndi mbava, ngakhale mutamadyera limodzi nsima pamaliro.

China, makolo anzanga: chitupa. Ngati cha mwana chikadali ndi chizindikiro choti ndi mlendo, pitani naye kwa Registrar msanga. Malamulo a dziko a 2013 anatsegula njira yokhalira nzika kwa ambiri obadwira kuno. Mafomu sadikira munthu amene akadali pamzere ku Makombe, ku ofesi ya Registrar.