Jini imene imafiiritsa sitiroberi, ndi zimene kufiirako sikutiuza

Amene anakwerapo msewu wopita ku Chawe pa phiri la Zomba amawadziwa masitiroberi ogulitsidwa m'timbale m'mbali mwa msewu. Wogula amasankha ndi maso, ndipo ofiira kwambiri ndiwo amayamba kutha. Masiku ano, poti nkhani ya ma antioxidant ili pakamwa pa aliyense, ambiri amati chipatso chofiira kwambiri ndichonso chopatsa thanzi kwambiri. Ife a kafukufuku wa mbewu timavomereza mawu amenewa mbali imodzi yokha, chifukwa kufiira kumangoonetsa gulu limodzi mwa magulu atatu a zinthu zimene anthu akuzifunazo, ndipo gulu lililonse lili ndi majini akeake, kutanthauza malangizo obadwa nawo a m'maselo amene amalamula mmene chamoyo chimakhalira.

Maselo a thupi lathu ngakhalenso a zomera akamagwiritsa ntchito mpweya wa okosijeni, pamatsala tizinthu taukali timene timawononga mafuta, mapuloteni ndi DNA ya m'maselomo, imene imasunga majini aja. Antioxidant ndi chinthu chilichonse chimene chimaziziritsa ukali umenewu. Mu sitiroberi zoterezi zilimo zambiri, koma zikuluzikulu ndi anthocyanin amene amapereka mtundu wofiira, vitamini C, ndi ellagitannin. Chomera sichipanga zimenezi poganizira ife. Chimadziteteza nazo ku dzuwa ndi ku matenda, ndipo kufiirako n'koitanira mbalame kuti zidye chipatso n'kukamwaza njere kutali.

Sitiroberi amene timalimayu si wakale kwenikweni. Mu 1714 Mfalansa wina, Amédée-François Frézier, anabwerera kwawo kuchokera ku Chile ndi mbande zisanu za sitiroberi wa zipatso zikuluzikulu zotuwa. Mbande zonsezo zinali zazikazi, choncho sizinkabala bwino mpaka pamene zinabzalidwa pafupi ndi mitundu ina, kuphatikizapo mtundu wa zipatso zing'onozing'ono zofiira wochokera ku North America. Mungu utasakanikirana m'minda ya ku France cha m'ma 1750, panabadwa mtundu watsopano, Fragaria × ananassa, umene lero uli m'minda ya dziko lonse. Kukula anatengera kwa kholo la ku Chile, kufiira kwa kholo la kumpoto.

Chimene chinavutitsa akatswiri kwa zaka zambiri n'chakuti mbewu imeneyi ili ndi majini owirikiza. Munthu ali ndi makromozomu (timitolo ta DNA ta m'selo) 46, ndipo jini iliyonse amakhala nayo pawiri, ina ya kwa mayi ina ya kwa bambo. Sitiroberi wolimidwa ali ndi makromozomu 56, ndipo jini imodzi ikhoza kupezeka mpaka kasanu n'katatu. Kufufuza kuti ndi kope liti limene likugwira ntchito inali ntchito yowawa. N'chifukwa chake anayamba ndi msuweni wake wakutchire, Fragaria vesca, wa makromozomu 14 okha, amene DNA yake yonse inafalitsidwa mu 2011. Ya sitiroberi wolimidwa, mtundu wa Camarosa, inatuluka mu 2019, ndipo munapezeka majini oposa 100,000.

Kuti chipatso chifiire, pamafunika maenzaimu (mapuloteni ofulumizitsa kusintha kwa zinthu m'selo) angapo ogwira ntchito mopatsirana: woyamba amatenga chinthu chopanda mtundu n'kuchisintha pang'ono, wachiwiri n'kulandira, mpaka womaliza amene amamatapo shuga kuti utotowo ukhazikike. Kenako puloteni ina imaunyamula n'kukausunga m'kathumba ka m'kati mwa selo. Enzaimu aliyense ali ndi jini yake, koma majini onsewa sayamba okha. Amadikira jini imodzi yotchedwa MYB10, imene ili ngati kapitawo pa esiteti ya tiyi: iye sathyola tsamba n'limodzi lomwe, koma akapanda kuitana, antchito onse amangokhala ngakhale madengu ali m'manja. Chipatso chikadali chobiriwira, MYB10 imakhala chete. Chikayamba kupsa, homoni yotchedwa ABA imachuluka, kuwala kwa dzuwa n'kuthandizira, ndipo MYB10 imadzuka. M'masiku ochepa chipatso chonse chimakhala psuu.

Umboni wake umaoneka pa masitiroberi oyera. Pali mtundu wakutchire wotchedwa Yellow Wonder umene zipatso zake zimapsa, kununkhira ndi kutsekemera osafiira konse. Maenzaimu onse opanga utoto alimo, abwinobwino. Chinasintha ndi chilembo chimodzi chokha cha DNA mu MYB10. Mu 2020 gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi a ku Málaga ku Spain linaonetsa kuti ndi mmene zilili ngakhale pa sitiroberi wolimidwa: mwa makope angapo a MYB10, limodzi ndilo limagwira ntchito yaikulu m'chipatso, ndipo kusiyana kwa kope limenelo ndiko kumachititsa kuti mtundu wina ukhale woyera, wina wofiira kunja kokha, wina wofiira mpaka m'kati.

Za kufiira kwa m'katiku ndi zimene zimandichititsa chidwi kwambiri. Mitundu yofiira m'kati ili ndi kachidutswa ka DNA kamene kanadumpha kuchokera pena n'kudzakhala pafupi ndi pamene MYB10 imayambira, ndipo kameneka ndi kamene kamachititsa kuti jiniyo igwire ntchito mwamphamvu ngakhale m'mnofu wa chipatso. Tizidutswa todumpha totere anatitulukira koyamba ndi Barbara McClintock, wasayansi wa ku America, pofufuza chimanga cha njere zamawangamawanga, ndipo analandira nazo mphoto ya Nobel mu 1983. Mukadula sitiroberi pakati n'kupeza m'kati mofiira, mukuona ntchito ya chinthu chimene chinadziwika kudzera m'chimanga.

Apa ndiye pamene maso a wogula salakwa: chipatso chofiira kunja ndi m'kati chili ndi anthocyanin wambiri kuposa chotuwa. Wochuluka mu sitiroberi ndi wa mtundu wa pelargonidin, amene amapereka kufiira kowala. Wa mtundu wa cyanidin, woderako, amakhala wochepa, ndipo kuchuluka kwake kumadalira jini inanso yotchedwa F3'H.

Koma vitamini C samvera MYB10. Magalamu 100 a sitiroberi amakhala ndi vitamini C pafupifupi mamiligalamu 59, kuposako lalanje pang'ono, ndipo sitiroberi woyera amakhala nayenso. Chomera chimapanga vitamini ameneyu kuchokera ku shuga kudzera m'majini ena, ndipo mu 2003 akatswiri a ku Málaga komweko anapeza njira yachiwiri imene ndimaiona kuti ndi yokongola kwambiri. Chipatso chikamapsa chimafewa chifukwa pectin, chinthu chimene chimamata maselo pamodzi, amasweka. Jini yotchedwa GalUR imapanga enzaimu amene amatola zidutswa za pectin woswekayo n'kuziyambitsa pa njira yosanduka vitamini C. Mitundu ya masitiroberi imasiyana ndithu pa vitamini ameneyu, ndipo kusiyanako simungakuone ndi maso.

Ellagitannin naye ali ndi njira yake, ndipo amachuluka kwambiri m'tinjere tija ta pakhungu pa chipatso. Amene amasefa juwisi kuti achotse tinjereti amataya gawo ndithu la zimene ankazifuna.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti mawu akuti antioxidant amagwiritsidwa ntchito mopitirira pa malonda. Kuziziritsa tizinthu taukali m'botolo la mu labotale si chimodzimodzi ndi kuchiritsa munthu. Anthocyanin amene timadya, wochepa kwambiri ndi amene amafika m'magazi asanasinthidwe. Ellagitannin amadikira mabakiteriya a m'matumbo kuti amusandutse urolithin, chinthu chimene chimatha kulowa m'magazi, ndipo anthu amasiyana pa zimenezi: ena matumbo awo amapanga wambiri, ena pafupifupi sapanga. Mu 2012 unduna wa zaulimi wa ku United States unachotsa pa intaneti mndandanda wake woika zakudya m'magulu potengera mphamvu ya antioxidant, chifukwa manambalawo sanali kusonyeza zimene zimachitika m'thupi la munthu, ndipo amalonda ankawagwiritsa ntchito molakwika. Sitiroberi ndi chipatso chabwino, koma si mankhwala a shuga kapena khansa. Ndipo ngati nkhawa yanu ndi vitamini C, gwafa wa kuseri kwa nyumba ali ndi mamiligalamu oposa 200 pa magalamu 100.

Kwa mlimi, nkhani ya majiniyi ili ndi tanthauzo lenileni. Sitiroberi sitibzala njere, timadula mphukira zoyanga pansi zija, choncho mbande iliyonse ili ndi majini ofanana ndendende ndi a make. Mukapempha mbande kwa mnzanu amene zipatso zake n'zoyera m'kati, manyowa ndi madzi sizidzazifiiritsa m'katimo. Chimene mungachite ndi kulola chipatso kuona dzuwa posapanikiza mbande, komanso kuchisiya chipse chisanathyoledwe, pakuti chikathyoledwa chikhoza kuderako khungu koma shuga saonjezekanso. Opanga mitundu yatsopano tsopano amatha kuyeza DNA ya katsamba ka mbande yaing'ono n'kudziwiratu ngati idzabale zofiira m'kati. Pa vitamini C ndi ellagitannin majini okhudzidwa ndi ambiri ndipo iliyonse imangothandiza pang'ono, moti amayenerabe kudikira kuti mbande ibale, n'kuyeza chipatsocho nyengo zingapo asananene kuti mtundu uwu ukuposa uwo.