Mpanda wa beech ukakula mopyola, dulani mbali imodzi inayo idikire

Ntchito yanga kuno ku Britain ndi yosamalira minda ya pakhomo, ndipo dandaulo lomwe ndimalimva kawirikawiri kwa anzathu amene angolowa kumene m'nyumba ndi la mpanda. Sindikunena wa njerwa kapena wa matabwa ayi, koma wa mitengo yamoyo yotchedwa beech, imene akatswiri amati Fagus sylvatica. Mwini nyumba wakale anausiya zaka zingapo osaukhudza. Lero wapitirira denga la galaja, watseka theka la kanjira, ndipo kukhitchini mukuyatsa getsi masanasana.

Musadabwe nawo. Beech ndi mtengo wa m'nkhalango, mpandawo timachita kuukakamiza. Ku Meikleour, m'dera la Perthshire ku Scotland, kuli mpanda wa beech womwe unabzalidwa mu 1745. Ndi wotalika pafupifupi mamita 30 kupita m'mwamba, ndipo umatsata msewu mtunda woposa theka la kilomita. Wanuwo ukulowera komweko mukapanda kuuletsa.

Mwayi wake ndi wakuti beech amaphukira ngakhale pa thunthu lakale. Pansi pa khungwa pali timaso togona, tomwe timadzuka kuwala kukangotifikira. Mipanda ina, monga ya Leyland cypress, ilibe khalidwe limeneli: mukadula mpaka kufika pouma, pamakhala pouma mpaka kalekale. Choncho musanagwire sowo tsimikizani kuti mtengowo ndi beech. Khungwa lake ndi losalala, lotuwa ngati phulusa, ndipo timaso ta masamba ndi tatitali, tosongoka ngati minga.

Kudula kwakukulu kumachitika m'nyengo yachisanu, makamaka mu Febuluwale. Kwathu mwezi umenewu chimanga chili bii m'munda, koma kuno mitengo imakhala ili mtulo, chakudya chake itasunga m'mizu ndi m'thunthu. Ukaidula pamenepo, mphamvu yonseyo imathamangira ku mphukira zatsopano kukayamba kufunda. Palinso nkhani ya mbalame. Lamulo la mu 1981 la Wildlife and Countryside Act limaletsa kuononga dala chisa chimene mbalame ikumanga kapena kugwiritsa ntchito, ndipo mbalame zambiri zimaswa kuyambira Malichi mpaka Ogasiti. Tsiku lomwe kwagwa chisanu choumitsa madzi, dikirani kaye.

Tsono nayi mfundo imene anthu safuna kuimva. Ngati mpanda wakula kwambiri moti mufuna kuchotsa theka kapena kuposa, musaumalize chaka chimodzi. Chaka choyamba dulani pamwamba ndi mbali imodzi. Mbali inayo ingoipesani pang'ono, ikhale ndi masamba ake odyetsa mtengo pamene mbali yodulidwayo ikuchira. Chaka chotsatira, kapena chinacho ngati mphukira zachedwa, ndiye mutembenukire kwinako.

Ine ndinaphunzira izi ndi manyazi. Ndili woyamba kumene ntchito, bambo wina anandiumiriza kuti ndimalize zonse tsiku limodzi chifukwa ankafuna kugulitsa nyumba. Ndinasadza pamwamba, uku ndi uku, kungotsala mizati ili njo. Chaka chimenecho mvula inavuta. Khungwa la beech ndi lopyapyala, lozolowera mthunzi, ndiye mbali yoyang'ana dzuwa inapsa n'kusweka. Yambiri inaphukira ndithu, koma mitengo iwiri ya pakati inauma, mpanda n'kukhala ngati m'kamwa moguluka mano.

Kadulidwe kake sikovuta. Khomani zikhomo kumapeto onse awiri, mumange chingwe posonyeza msinkhu. Chingwecho chitsike masentimita 15 kapena kuposerapo pansi pa pomwe mukufuna mpanda udzalekezere, kuti mphukira zidzapeze malo ophimba zipsera. Kenako patulani nthambi ndi manja musuzumire mkati. Mudzaona kuti masamba ali kunja kokha ngati bulangete, mkatimo muli mdima, tinthambi touma, zisa zakale, mwinanso mpira wa ana a eni nyumba akale. Nthambi zonenepa kuposa chala chachikulu zimafuna sowo. Makina odulira mpanda amangozitafuna, ndipo chikwanje, ngakhale dzanja lathu linachizolowera, chimang'amba khungwa. Pa thunthu loimirira dulani mopendeketsa kuti madzi a mvula asadikhe pabala. Mbali yomwe mwasankha, musaope kulowa mpaka pafupi ndi thunthu. Ambiri amachita mantha, amangometa kunsonga, ndipo pofika Julayi mpanda wabwerera mumsewu.

Mpanda uzikhala wotakata pansi, wocheperako pamwamba. Ukakhala mutu waukulu, nthambi za m'munsi zimasowa dzuwa n'kufa, agalu a aneba n'kumadutsa pamenepo.

Kukayamba kufunda, palirani m'munsi, thirani feteleza pang'ono, muphimbire ndi kompositi kapena manyowa owolerana, osagunditsa ku thunthu. Mizu ya beech imayenda pamwamba, sipirira ng'amba, choncho chaka choyambacho muzithirira kukauma.

Ukachira, umangofuna kumetedwa kamodzi pachaka, mu Ogasiti, mutayang'ana kaye ngati mulibe chisa chokhala ndi ana a mbalame. Mwezi umenewu uli ndi chifukwa chake. Beech wamkulu amayoyola masamba onse m'chisanu, koma nthambi zanthete zimagwiritsa masamba ake ouma, ofiirira ngati fodya wochizidwa, mpaka atsopano atawakankha cha mu Epulo kapena Meyi. Kumeta mu Ogasiti kumasunga mpanda pa unyamata umenewo, ndiye umakubisani ngakhale mu Januwale. Alendo ochokera kumudzi akaona masamba amenewa amati mpanda wafa. Sunafe.

Ngati pali mpata pomwe mtengo unauma, bzalani wina pakati pa Novembala ndi Malichi, pamene mbande zopanda dothi kumizu zimagulitsidwa motchipa. Koma kumbani kaye muone nthaka. Ikakhala ya makande, yosunga madzi, beech adzafanso pomwepo. Pamenepo ikani mtengo wina wotchedwa hornbeam, yemwe amapirira chinyontho, amasunganso masamba ouma, ndipo woyenda mumsewu sangasiyanitse pokhapokha atayandikira n'kuona kuti tsamba lake lili ndi timano m'mphepete.