Gomani II ndi mkangano wa malimidwe ku Ntcheu

Pa Lizulu, pomwe apaulendo amaima kugula kachewere ndi kabichi, msewu wa M1 ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique. Malire amenewa ndi omwe Inkosi ya Makosi Gomani II anawoloka mothawa apolisi m'chaka cha 1953, pa mlandu wa zakumunda.

Itadutsa njala ya 1949, boma la atsamunda linakhwimitsa malamulo a malimidwe. Mlimi aliyense ankayenera kuunga mizere yopingasa ndi kukumba milambala yotchinga madzi, ntchito ya m'chilimwe nthaka ili gwa, khasu likungodumpha. Wolephera ankamulipitsa chindapusa, ena kuwatsekera, ena kuwazulira mbewu. Kunena zoona, mfundoyo sinali yopusa, chifukwa m'mapiri a Ntcheu nthaka imakokoloka ndithu. Chomwe chinkawawa n'choti mlangizi ankafika pamunda ngati wapolisi.

Gomani II, dzina lake Philip Gomani, sanali munthu wamtopola. Analowa ufumu mu 1921, ndipo kwa zaka zambiri anagwira ntchito bwino ndi boma lomwe linapha bambo ake, Gomani I, mu 1896. Chinamutembenuza ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe anthu akuda anachikana poopa kulandidwa minda ndi kulamulidwa ndi azungu a ku Salisbury (Harare wa lero). Mfumu ikanalimbana bwanji ndi boma la Britain ku London? Inagwira pomwe boma linkakhudzira munthu wakumudzi tsiku ndi tsiku. Mu May 1953 inalamula anthu ake kuti asamvere malamulo a ulimi, a nkhalango ndi a ziweto.

Boma linati abweze mawuwo. Anakana. Linamuimitsa pa ufumu n'kulamula kuti achoke m'boma la Ntcheu, chonsecho munthuyo anali wodwala. Apolisi atabwera kudzamutenga pa Lizulu, Angoni anawatchingira njira, ndipo m'chipwirikitimo mfumu inazembera ku Mozambique pamodzi ndi mwana wake Willard komanso mbusa wachingerezi Michael Scott. Apwitikizi sanachedwe kuwabweza. Scott anapitikitsidwa m'dziko muno, ndipo Gomani anamwalira pa chipatala cha Malamulo ku Thyolo mu 1954, chitaganya chitayamba kale.

Willard ndiye anadzakhala Gomani III, ndipo mu 1961 anthu a ku Ntcheu anamusankha kukhala phungu wawo pa tikiti ya Malawi Congress Party. Chaka chomwecho Dr Banda anatenga unduna woyang'anira ulimi, kukakamiza malimidwe n'kuyamba kutha, ndipo milambala yambiri alimi anangoisiya.