Zilembo ziwiri za T/A zinachokera kuti?

Ukapita kukadulitsa chiphaso, kalaliki amangofunsa atawerama: "Mudzi? T/A? Boma?" Timayankha osaganiza n'komwe. Ngakhale agogo amene sanaponde m'kalasi amazitchula bwinobwino zilembo ziwirizi.

Zikuimira Traditional Authority. Pa wailesi amati Mfumu Yaikulu, koma Chichewa chimenechi chimabisa kanthu. M'malamulo a Angerezi, Authority si munthu ayi, ndi ofesi imene boma laipatsa mphamvu, monga momwe ilili Malawi Revenue Authority yotolera misonkho. N'chifukwa chake T/A imakhala mfumuyo, imakhalanso dera lake: "Ndimachokera kwa T/A Kalolo ku Lilongwe."

Dzinali lili ndi kholo lake. Mu 1912 atsamunda anayamba kusankha ma Principal Headman oti azithandiza bwana DC pa msonkho. Mu 1933, pa nthawi ya bwanamkubwa Hubert Young, anabweretsa ma Native Authority potengera zimene ankachita ku Nigeria ndi ku Tanganyika, kulamulira anthu kudzera mwa mafumu awo. Mafumu analoledwa kuweruza milandu ndi kuika malamulo aang'ono. Kwa Atonga, kumene kunalibe mfumu imodzi yoposa zinzake, udindowu unaperekedwa kwa bungwe, Atonga Tribal Council. Apa m'pamene pamaonekera kuti mawuwa sankanena za magazi achifumu.

Ndipo amene wakupatsa angathenso kukulanda. Mu 1953 Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu inakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, n'kuuza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a boma. Atsamunda anaichotsa pa udindo. Nkhaniyi imandikhudza kwambiri, chifukwa kwa Angoni inali ikadali Inkosi ya Makosi. Chimene analanda chinali cha papepala basi. Inamwalira chaka chotsatira.

Titalandira ufulu, mawu oti Native, amene ankamveka onyoza, anachoka, m'malo mwake munalowa Traditional. Koma Authority anatsala, ndipo lamulo la mafumu la 1967 linangosamutsira mphamvu zija kwa Pulezidenti.

Mpaka lero mbumba imakhala pansi n'kusankha munthu, ntchembere zimamulanga, nthungululu zimalira. Koma kuti atchedwe T/A ndi kuyamba kulandira mswahala, amadikira kaye kalata yochokera ku boma.