X-ray, CT sikani ndi khansa ya m'magazi

Abale, magazi athuwa amapangidwa mkati mwa mafupa, m'mafuta aja timakonda kuyamwa tikaphika fupa la ng'ombe. Mmenemo muli timaselo tokhala ngati mbewu, achipatala amati ma stem cell, ndipo ndi timeneti timabala maselo ofiira, oyera olimbana ndi matenda, ndi aja oumitsa magazi tikatemeka. Selo lofiira limangokhala masiku pafupifupi 120 basi, nde mbewuzi sizipuma kugawikana, n'chifukwa chake radiation, mphamvu yosaoneka yolowa m'thupi ngati yomwe X-ray ndi CT sikani zimajambulira, imazipweteka msanga kuposa ziwalo zambiri.

Ikachuluka nthawi imodzi imazipheratu. Ku Chernobyl ku Ukraine, malo opangira magetsi a nyukiliya ataphulika mu 1986, ogwira ntchito ndi ozimitsa moto 134 anadwala chonchi, 28 anamwalira miyezi yochepa chabe. Koma chondidetsa nkhawa ine ndi pamene selo lapulumuka DNA yake (malangizo oyendetsera selolo) itaduka, nkudzilumikiza molakwika, limangokhala phee m'fupamo zaka, kenako nkuyamba kubala maselo oyera osakhwima ambirimbiri opanda ntchito omwe amadzadza malo mpaka abwinowo kusowa pomera. Imeneyo ndiyo leukaemia, khansa ya m'magazi. Mabomba a nyukiliya atagwa ku Hiroshima ndi Nagasaki ku Japan mu 1945, khansayi inayamba kuoneka patangotha zaka ngati 2, nkufika pachimake patatha zaka 6 mpaka 8, ndipo omwe anali ana nthawiyo ndi amene anakhudzidwa kwambiri.

Komatu musathawe X-ray chifukwa cha zimenezi ayi. Kujambula chifuwa kamodzi ndi pafupifupi 0.1 mSv (muyezo wa radiation), yofanana ndi yomwe timalandira kudothi ndi kumlengalenga masiku 10, pomwe TB yosadziwika imapha ndithu. CT ya pamimba, sikani yojambula zithunzi za X-ray zambiri nthawi imodzi, ndiye yokwererapo, ngati zaka 3 za yachilengedwe ija, nde auzeni adokotala ngati mwajambulidwa kale posachedwa, ngati muli oyembekezera kapena mukungokayikira, komanso akakhala mwana funsani ngati palibe njira ina. Sikani ya amayi apakati ija ilibe radiation yoteroyo, pitani mopanda mantha. Ogwira ntchito ku X-ray ndi ku mgodi wa uranium ngati wa Kayelekera ku Karonga, valani baji yoyezera radiation ija tsiku lililonse chonde.

Mwana kapena wamkulu akamayezuka manja ndi maso, kufooka, kutuluka magazi m'nkhama kapena kamfuno pafupipafupi, mafupa kuwawa, thupi kumangotentha koma malungo osapezeka, musamangogula mankhwala pagolosale. Pitani naye kuchipatala mukapemphe kuti amuyeze full blood count, kuwerenga maselo onse a m'magazi.